Mfuti Yokoka ndi Chingwe

Lachinayi, Malichi. Tsiku loipa, msananso ukuwawa.

Alangizi ochokera ku boma afika kumunda kwa alamu anga a Zuze kudzaona mfuti yophera anyani. Mfuti ya gogodelayi timaimangirira pamphanda, munthu n'kubisala patali, n'kukoka chingwe. Anyani amathawa munthu wonyamula mfuti, koma mphanda saiopa. Nzeru imeneyi ndi yanga, ndinawaphunzitsa ndine chaka chatha!

Alangizi alemba dzina la a Zuze, akuti lipita ku Blantyre kuti anayambitsa ndi iwo. Atcheyamani a chipani m'manja phuphuphu.

Ndinati, "Alamu, nanga ine?"

Akuti, "Mfutiyi ndi ya ndani?"

Ndi yawodi, ine ndilibe. Koma mfundo ya pachingwepo sadziwa kumanga. Tsiku limene chingwecho chidzaduke adzabwera pakhomo pano, ndipo ine...