Zithunzi za Mbalame Zawanamiza Amuna Anga Kuti Achira

Aphungu,

Sindikulemba ndi misozi ayi. Pakhomo pathu pali mtendere, mwina kuposa kale. Koma pali kanthu kamene kakundisowetsa tulo, ndipo ndikuopa kuti ndikachedwa kadzakula.

Amuna anga, a Gervazio, anadwala sitiroko chaka chatha titangokumba mbatatesi. Kale anali munthu wa pamsewu, m'mawa uliwonse pa njinga yamoto kukagulitsa kabichi ndi tomato ku Linthipe. Atatuluka m'chipatala, mwendo unabwerera msanga, koma dzanja lamanja linatsala likunjenjemera. Ankangokhala pakhonde, chipewa kumaso, osafuna kuyankhula ndi munthu. A kumphakati akabwera kudzapemphera nawo, ankangoti "zikomo" basi.

Mwana wathu Pilira, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anawabweretsera kamera yogwirapo kale ntchito ndi laputopu yake yakale. Anati, "Ababa, mwayang'ana pansi mokwanira, tayambani kuyang'ana m'mitengo." Ine ndinaseka chamumtima. Koma kuseri kwa nyumba tili ndi mitengo ya mapichesi, ndipo ikachita maluwa mumadzaza timbalame: choso, timba, mpheta, pumbwa.

Lero munthu uja ndi wina. Amadzuka nkhungu isanachoke m'phiri, jekete pathupi, n'kukakhala pachitsa duu kudikira timba. Pobwera amakhala ndi nkhani zosatha, zakuti choso wamwamuna ndi wandewu, amathamangitsa anzake pa duwa limene iye wakhuta kale. Kudya akudya bwino, ndipo ku Misa ayambiranso kupita.

Zala zawo sizigwira bwino timabatani ta laputopu, ndiye Pilira anaphunzitsa ine kukonza zithunzizo. Ndikabwera kudimba masana ndimakhala pansi n'kuyamba. Chopendekeka ndimachiwongola. Ndimadula m'mbali kuti kambalame kaoneke pafupi, n'kuwonjezera kuwala pamene nkhungu inadetsa, mpaka kadiso ka timba kachite kunyezimira. Ntchitoyi ndimaikonda, Aphungu. Ine amene sukulu ndinalekezera panjira, sindinkadziwa kuti manja ozolowera khasu angachite zoterezi.

Vuto ndi ili. Zithunzi zambiri zimatuluka zachimbuuzi chifukwa cha dzanja lija. M'zina mumangooneka nthambi, mbalame mulibe. Zoterozo ndimaziika padera osawaonetsa, n'kusankha ziwiri kapena zitatu zabwino, kuzikonza, n'kuwaitana. Iwo sanafunsepo za zinazo.

Lamulungu lapitali anayang'anitsitsa chithunzi cha choso ali pa duwa, nthenga zapakhosi zikuchita kuwala, ndipo anati, "Amake Pilira, taonani. Dzanja lonjenjemera lingajambule chonchi? Ine ndachira. Mwezi wamawa ndikutulutsa njinga, kabichi ndizikagulitsa ndekha." Ndinangoti, "Tiona, bambo." Dzulo ndawapeza akuipukuta ndi kupopa matayala, uku akuimba nyimbo ya kwaya.

Msewu wa kwathu kuno ndi zitunda ndi zigwa zokhazokha, ndipo mafuta ndi buleki yakutsogolo zili kudzanja lomwelo. Ndikawauza zoona, ndikuopa kuti ataya kamera n'kubwerera pakhonde paja. Ndikakhala chete, ndikuopa kuti tsiku lina adzandibweretsera uthenga. Ndichite bwanji?

M. K., Lobi, Dedza

Mayi M. K.,

Choyamba, musadziweruze. Kusankha zithunzi zabwino n'kusiya zoipa si bodza. Aliyense wojambula mbalame amatero, ngakhale wa manja olimba ngati mwala, poti timba sakhala malo amodzi kudikira munthu. Kuwongola, kudula m'mbali ndi kuwonjezera kuwala ndi mbali ya ntchito yomweyo. Bodza liyamba lero ngati mulola kuti a Gervazio atenge zithunzi zokonzedwa ngati umboni wa dokotala.

Ndiye auzeni sabata ino, njinga isanalire. Koma musayambe ndi mawu akuti "simunachire". Aitaneni pa laputopu tsiku limene abwera osangalala, muwauze kuti mukufuna azisankha nanu zithunzi. Tsegulani zonse za tsikulo, zachimbuuzi ndi zanthambi zomwe, ndipo musafotokoze zambiri. Maso ali nawo, aona okha. Akakufunsani chifukwa chimene munkawabisira, ayankheni mmene mwandiuzira ine, kuti munkaopa kuwaonanso ali pakhonde chipewa kumaso. Mwina akwiya tsiku limenelo. Asiyeni akwiye, inu musapepese mopitirira muyeso.

Pomwepo muwakumbutsenso china, chimenenso ndi choona. Choso uja sanajambulidwe ndi laputopu. Amene anamudikira m'chisanu ndi iwo, amene anadziwa duwa limene adzatere ndi iwonso. Inu munangopukuta chimene iwo anagwira. Ngati zithunzi zakale mukadali nazo, ikani za miyezi yoyamba pambali pa za lero. Ndikukhulupirira kuti zabwino zikuchuluka, ndipo munthu akaona kuti akupita patsogolo sataya mtima msanga.

Za njinga, musaweruze inu, asaweruzenso iwo. Pitani nawo kuchipatala kwa a mafizo, aja othandiza kulimbitsa ziwalo, akaliyeze dzanjalo, anene okha ngati lingagwire buleki pamtsetse. Pilira mumuuze zonse, mwina apeze tsiku apite nanu. Amuna ambiri amamva msanga mawu a mwana wamkazi kuposa a mkazi wawo. N'zowawa, koma tigwiritse ntchito zimene zilipo. Ngati chikuwasowa ndi msika ndi anzawo a kumeneko, akwere galimoto limodzi ndi kabichiyo, akatsatse malonda, abwere. Pakamwa pawo sipanadwale.

Dzanjalo lithandizeninso pojambula. Sokani kathumba, muthiremo nyemba kapena mchenga, azitsamiritsapo kamera pa mpanda kapena pa phanda la mtengo. Muona chimbuuzi chikuchepa. Pokonza, inunso musakometse mitundu mpaka mpheta aoneke ngati wavala chitenje chatsopano, ndipo pojambula zisa azizitalikira, kuopa kuti makolo angathawe ana.

Chenjezo langa ndi limodzi. Musabise makiyi a njinga, musaphwetse tayala, musapangane ndi makaniko kuti aziti sipeya sakupezeka. Mwamuna amene wadwala amapirira zambiri, koma akazindikira kuti a m'nyumba mwake akumuyendetsa ngati mwana, balalo limachedwa kupola kuposa dzanja. Makiyiwo akhale poyera pomwe amakhala, ndipo tsiku lowasiya pamenepo, a Gervazio awasiye mwa kufuna kwawo.

Aphungu