Mwana Wonyamula Nsomba

Lolemba, 27 Januwale

Mvula tsiku lonse. Ndapita kuchigayo cha mpunga kwa Mayi Lin, Mtchaina uja, ndawapeza manja ali psuu ndi utoto. Chaka chatsopano cha kwawo akuti ndi mkuja. Ali ndi matabwa akale osemedwa ndi agogo awo. Amapaka utoto pathabwa, kuika pepala, kusisita, kusendapo. Mtundu uliwonse thabwa lake. Ndinaiwala kuti ndabwerera mpunga.

Pochoka andipatsa chithunzi chimodzi: kamwana konenepa, masaya ngati mandasi, katakumbatira chinsomba chofiira. Za "mlendo" wa m'mimbamu akudziwa ndi mwamuna wanga Idi yekha. Ndapita padera kawiri, ndipo kawiri konseko ndinafulumira kulengeza. Ulendo uno ndatseka pakamwa. Nanga iwowa awauza ndani?

Ndachibisa pansi pa matiresi.

Lachiwiri, 28 Januwale

Nseru. Apongozi, a Hajara, ndawanamiza kuti ndi malungo. Angoti "hmm" n'kupitiriza kusankha nyemba.

Lachitatu, 29 Januwale

Ine ndi chitsiru. Chithunzi chomwechija chili pachitseko cha mnzanga Pauline, china kwa wokonza njinga, china muokala ya a Sulaiman. Agawira Lifuwu yonse. Pauline akuti m'Chitchaina mawu oti nsomba amamveka ngati oti zotsala, ndiye n'kufunirana kuti chaka chino tidye mpaka zitsale. A Sulaiman akutsutsa zoti ndi chambo, akuti ndevu zimenezo ndi za mlamba, ndipo mwana wogwira mlamba chonchi amulembe ntchito pabwato.

Ndaseka mpaka misozi. Mtima wakhala pansi. Koma pobwerera ndinamva kakukhumudwa, sindikudziwa chifukwa chake.

Lachisanu, 31 Januwale

Ndakawathokoza Mayi Lin ndi nthochi. Chichewa chawo n'chodumphadumpha koma chimafika. Anadikira anyamata a pachigayo atuluke, kenako anati, "Anthu onse, nsomba. Inu, mwana." Akuti andiona kawiri ndikuswa dothi la pachulu kuseri kwa chigayo.

Ndinafuna kukana. Iwo analoza pamimba pawo, n'kukweza chala chimodzi, n'kupukusa mutu. Nawonso zinawachitikira, kalekale, kwawo. Tinakhala pamatumba a mpunga. Kenako anaika chala pamilomo: sauza munthu.

Sindinkadziwa kuti chinsinsi chimalemera chonchi mpaka wina atandigwirira mbali imodzi. Alhamdulillah chifukwa cha mayi ameneyu.

Loweruka, 1 Febuluwale

Idi waimba kuchokera ku Chipoka. Usipa wavuta. Anafunsa kuti "mlendo ali bwanji", ndati akudya kuposa bambo ake.

Lamulungu, 2 Febuluwale

Dzuwa linatuluka, apongozi n'kuganiza zoyanika matiresi ine ndili kumjigo. Ndabwera ndapeza akhala pakhonde, chithunzi chili pamiyendo.

Ndinayamba kulongolola kuti aliyense walandira, n'za nsomba chabe. Anandidula. "Pakhoma ayi, Raisa. Nyumba yoswaliramo sitipachika nkhope."

Ndinati chabwino amayi, ndikabweza.

"Ndani wanena zobweza? Mphatso sabweza. Tiye kuno."

Tinalowa kuchipinda kwawo. Anakoka sutikesi ija ya pansi pa bedi, imene ngakhale Idi sanaionepo mkati. Atatsegula ndinaona matewera atsopano opindidwa bwino, ndi kachipewa koluka kachikasu kosamaliza, singano zili pomwepo.



"Malungo," anatero. "Ine ndabereka asanu ndi awiri, ndiye undiuze za malungo."

Anachiwongola chithunzicho ndi chikhatho pomwe chinapindika, n'kuchigoneka pamwamba pa matewera. Akuti zidikire limodzi mmenemo, Inshallah, mpaka mwini wake afike. Atatseka anamasula kiyi pangodya ya chitenje chawo n'kundipatsa.

Ndamumanga pachitenje changa. Ndikulemba pano akundigunda pantchafu.