Galu wa pa Chitini cha Mabisiketi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ndine Yosefe wanu, kuno ku lokeshoni ya Makokoba. Ndiyambe ndi mlongo wanu, amalume anga a Zakeyu, poti ndi amene andigwiritsa pensulo lero, ine amene sukulu ndinalekezera buku lachiwiri. Akali moyo. Maso anachita khungu, koma pakamwa ndi pomwe paja.

Kunyumba kuno tilipo. Esinati, mwana wa Jemusi wanga, wachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Chimanga chomwe tinabzala kuseri kwa njanji chinapsa ndi dzuwa, takololako madengu awiri basi. Bondo lija likundivutabe, komabe ndinapeza ntchito yosesa pa fakitale ya mabisiketi ku Belmont. Kumeneko ndi kumene ndaona zondiumitsa thupi.

Mukumukumbukira Adzatopa? Galu wanga wofiira uja wa khutu lakugwa, amene munamutcha dzinalo ponena azimayi omwe ankakujedani pachitsime? Nanga tsiku lomwe simbi yanu yamakala inagwa patebulo n'kumuotcha pantchafu? Ubweya sunamerenso, chipsera chinatsala chosongoka ngati simbi yomweyo. Mafuta a nsatsi munkamupaka ndinu, uku mukundikalipira kuti, "Iwe Yosefe, galu wakoyu asayandikire zochapa za eni ake."

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala m'kanyumba ka kuseri kwa bwana, amalume akuphika inu mukuchapa. Tsiku lina amalume anabwera ndi thumba lomangamanga. Anati apolisi amuwombera Adzatopa chifukwa analibe kachitsulo ka msonkho m'khosi. Tinakumba dzenje pansi pa mtengo wa mandimu, ine ndi inu. Nditafuna kumasula thumba kuti ndimuone komaliza, munandigwira dzanja. Sabata yomweyo Hilida, mwana wa bwana uja, anapita kukakhala kwa agogo ake ku Kepu. Sindinaganizepo kanthu.

Mwezi uno tauni yonse ikungokamba za mwana wa pa chitini. Mwini fakitale yathu anakwatira Hilida yemweyo, ndiye watenga chithunzi cha ubwana wa mkazi wakeyo, atakumbatira galu, n'kuchijambulitsa pa zitini zatsopano. Chili m'mawindo a masitolo, chili m'nyuzipepala, ana a m'lokeshoni muno akusewera zoti wina ndi Hilida wina ndi galu wake Pulinsi. Ine ndinkangochionera patali, maso anga ndi omwewa. Lolemba akapitawo anandiuza kuti ndipukute fumbi pa zitinizo, ndipo ndinanyamula chimodzi n'kuchiyandikiza kumaso.

Amayi, simbi yanu ili pomwepo. Pantchafu yakumanzere, nsonga yaloza pansi. Wopaka utoto sanaibise, kaya ankayesa ndi maonekedwe a galu. Khutu lakugwa lija liponso. Galu amene ndinamuika m'manda ndi manja anga wakhala pa kapinga, wanenepa, m'khosi muli riboni. Ndinakhala pansi pa simenti chitini chili m'manja. Akapitawo anati, "Madala, wadwala?" Ine ndinangoyang'anabe chipsera chija.

Nditaweruka ndinapita kwa amalume. Ndinawapeza akuothera dzuwa pakhonde, ndinawagwiritsa chitinicho n'kuwauza zomwe zajambulidwapo. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Hawu, mphwanga, imvi zonsezi ukulirira galu? Kamwana ka bwana kanamufuna, bwana anati tisankhe, galu kapena nyumba. M'thumba muja munali njerwa ziwiri ndi sanza." Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi. Anatembenuzira nkhope kwa ine n'kunena kuti, "Ukafunse mayi ako. Pomukweza galuyo m'ngolo ya bwana, chingwe anagwira ndi iwowo."

Amalume ndinawada kale, kuyambira tsiku la thumba lija, poti anaseka ndikulira. Zimenezo ndinazizolowera. Koma inu, amayi? Inu amene munandithandiza kukwirira dothi, n'kundipatsa kansalu kanu kopukutira misozi? Ndayesa kukumbukira nkhope yanu pa dzenje paja, koma ndikungoona dzanja lanu litagwira langa. Linali kunjenjemera. Masiku onsewa ndinkati chinali chisoni.

Ngati n'zoona, sindikuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti kumudzi kunali kutali ndipo tinalibe kolowera. Koma amalume ananamapo kamodzi, akhoza kunamanso, makamaka ponamizira munthu amene sangayankhe.

Chitini ndatenga chimodzi, mabisiketi ndagawira adzukulu, ndachiika pafupi ndi chipewa chanu chakutchalitchi. Ndimakukondanibe, ndipo manda anu ndidzalambulabe mvula isanagwe, kaya yankho likhale lotani.

Ndatsala ndi chinthu chimodzi chomwe ndikufuna ndisanabwere kumeneko. Wilibala ndabwereka kale. Lamulungu ndiwakweza amalume, ndiwakankha mpaka kumanda kwanu, ndiwagwiritsa mtanda wanu ndi dzanja lawo. Za chingwe zija akazinenenso pamenepo, inu mukumva.

Ndine mwana wanu,
Yosefe