Msika Ukubwera pa Munda Wanu

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ife kuno tilipo. Chichokereni inu mvula yagwa zaka ziwiri, koma m'mawa ndimaiwalabe n'kutulutsa makapu awiri. Mdzukulu wanu Mele anabereka mwana wamkazi ku Mishoni. Makutu ndi anu enieni, ndiye m'mudzi muno onong'onezana achenjere. Nandolo wachita bwino. Kalongonda ndinayesa kuphika ndekha, ndinamuphula msanga, nyumba yonse chizungulire tsiku lathunthu. Ndinachita kukumvani mukunena zija: "Iwe Esinati, umaphika choimirira ngati ukudikira minibasi." Achimwene anga aang'ono, a Laisoni, akuthyolabe tiyi ku esiteti, ngakhale bondo lija likuwavuta kukazizira.

Koma chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi munda wanu wa kumsewu uja. A khonsolo agamula zomanga msika watsopano, kuti ogulitsa chinanazi ndi nthochi pa Chinakanaka achoke m'mphepete mwa msewu momwe magalimoto amawapitira m'miyendo. Asankha minda ingapo, wanu uli pomwepo. Anatiitanitsa msonkhano. Anthu analankhula, ena za chipukutamisozi, ena za mabala a mowa amene amatsatira msika, ena kufunsa kuti madzi otsika m'phiri azidzalowera kuti akathira simenti. Sindingawanamizire akuluakuluwo, anatimvera ndipo ankalemba. Pomaliza bambo wina wa khonsolo, amene anali ndi mapepala, anafunsa ngati m'mindamo muli manda, poti pamanda sakhudzapo. Anafunsa katatu.

Amayi, ndinakhala chete.

Mukukumbukira zimene munandiuza kuchipatala, kutatsala masiku ochepa. Munati ine sindine woyamba. Woyamba anali wamwamuna, anabadwa atapita kale, mtayo. Mtsinje unali wodzaza, kumanda kosaolokeka, ndiye azakhali anu ndi mzamba anakamuika pangodya ya munda, pansi pa mpoza. Monga mwa mwambo, mwamuna sanapondeko, ndipo inu anakuletsani kulira. Ababa anamwalira akuganiza kuti mwanayo ali kumanda. Munandigwira dzanja n'kuti, "Izi n'zachikazi, zisakamveke pabwalo." Tsiku limenelo ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake pangodyapo simunkabzalapo kanthu, komanso chifukwa chake tinkadya mbama tikakwera mu mpoza uja.

Ndiye ndikanaimirira bwanji pamaso pa amfumu, abusa, amalonda, ndi achimwene atakhala kutsogolo komwe, n'kutchula zimene ngakhale ababa sanamve? Ndinayang'ana kumene kunakhala amayi akuluakulu kuti mwina wina andithandiza, koma onse amene ankadziwa ali kumeneko ndi inu. Bambo uja analemba kuti mulibe, n'kutseka buku lake.

Sabata yatha anadzakhoma zikhomo, ndipo mpoza aupaka penti yofiira. Akuti thalakitala ifika Lolemba. Ndinanyamuka ulendo wa kuboma kuti ndikanene mwakachetechete, mwina ndikapeza mayi mnzanga. Muofesimo munali amuna okhaokha. Ndinangofunsa ngati atilola kuyamba tathyola nandolo, anati inde, ine n'kuthokoza n'kutuluka. Njira yonse yobwerera ndinkadzitukwana.

Munda sukundipweteka kwenikweni. Msika anthu akuufunadi, nanenso ndikagulitsako. Chimene chikundidya ndi chakuti mlongo wanga, amene sanapatsidwe ngakhale dzina, amufukule ndi chitsulo n'kumutaya pamodzi ndi zitsa, ine ndikudziwa. Ndipo ndinene zoona, ndakukwiyirani pang'ono. Munandisenzetsa katundu n'kunditseka pakamwa, inu n'kupita kukapuma.

Ndiye mundikhululukire, ndauza anthu awiri: Mele, ndi mayi a Dolofe, anzanu a Mvano aja. Mayi a Dolofe sanafunse kanthu, anangoti Loweruka m'mawa tipite atatu pa mpoza paja ndi khasu. Amfumu tingowauza kuti kumanda tili ndi zachikazi, pamenepo safunsa zambiri. Zaka zonsezi zapitazi, ndikudziwa kuti tikapeza dothi lokhalokha. Dothi lomwelo tikalitapa, tikalikulunga m'chitenje chanu chobiriwira chija, n'kudzaliika kumapazi kwanu. Kaya mwambo umalola kaya ayi, sindinafunse, poti ndikuopa yankho.

Ndikukulonjezani kuti lisanafike Lolemba mwana wanu akhala ali pafupi nanu, ndipo pabwalo sizidzamveka. Koma zoti pasakhale kulira, Amayi, zimenezo musandiwerengere. Ndikalira maliro anga, n'kuliranso anu amene anakuletsani.

Ndine wokukondani nthawi zonse,
mwana wanu wachiwiri,
Esinati