Masamba awiri pa sabata, kudzera pagalasi

Aphungu,

Ndimayang'anira laibulale pasukulu ina ya sekondale. Zaka khumi ndi chimodzi tsopano sindinatayepo buku ngakhale limodzi, chifukwa onse ndimawatsekera m'makabati agalasi, kiyi m'thumba.

Buku limodzi lokha, la nkhani yopeka, ndimalisiya chotsegula kuseri kwa galasi kuti alendo aziona kuti ndife sukulu yokonda kuwerenga. Lolemba lililonse ndimatembenuza tsamba kuti lisasuluke ndi dzuwa.

Ndangotulukira kuti mtsikana wina wa Fomu 4, yemwe anzake amamutchula kuti Kamphuno chifukwa chokanikiza mphuno pagalasipo, wakhala akuliwerenga chiyambire ali Fomu 2. Akawerenga amakafotokozera anzake, moti kalasi yonse inagawanika pawiri pokangana za amene anapha mwini sitolo m'bukumo. Mwezi watha ndinadumphitsa tsamba mwangozi, ana makumi anayi anasiya kundipatsa moni.

Dzana mtsikanayo anandiuza kuti, "Bambo, kwatsala masabata asanu ndi limodzi kuti ndizipita, koma masamba atsala makumi asanu ndi atatu. Tamatembenuzaniko ndi Lachinayi lomwe."

Ndikamumvera, msana wa buku uthyoka. Nditani?

W. L., kuseri kwa ofesi ya ahedi

Bambo W. L.,

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, kachiwiriko nditagwira pakamwa. Imene mukuyang'anirayo ndi ndende, bambo, ndipo akaidi anu sanalakwe kanthu. Aphunzitsi akutha mawu kunyengerera ana kuti awerenge, inu mwana wakuimirirani pagalasi zaka zitatu, mukudandaula za msana wa buku? Nanga msana wa mwanayo?

Za Lachinayizo iwalani, masamuwo sakutheka. Mawa m'mawa tulutsani kiyi, mumupatse bukulo m'manja apite nalo kwawo. Akakubwezerani lili ndi zidindo za zala, musakomoke, ndimo mmene buku lamoyo limaonekera. Likang'ambika guluu alipo.

Kenako pemphani ahedi mphindi makumi awiri pa sabata kuti Kamphuno aziwerengera anzake mokweza, mkangano wa mwini sitolo uthe mayeso asanafike. Gulani kope la obwereka. Dzina loyamba likhale lake, lachiwiri lanu, pakuti ndikukayika ngati mukudziwa n'komwe kuti m'kabati mwanumo munafa munthu.

Koma chenjezo: potsegula makabati enawo muimire patali, ahedi asakhale pafupi. Mwina mupeza kuti owerenga munali nawo kale m'katimo. Chiswe, bambo, sichidikira Lolemba.

Aphungu