Ndimaluka Tsitsi Chete

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno tili bwino, kusaluni anthu akubwera ndithu.

Chikwatiwireni, amayi akuuza aliyense kuti ndinachira. Kodi ndinkadwala? Anzanga amene anandisunga nthawi imene ndinali pachibwenzi ndi mkazi mnzanga akuti ndinkangoyeserera. Foni yanga sayankhanso.

Amuna anga ndinawauza zoona, kuti mtima wanga umatha kukonda mwamuna kapena mkazi. Anati palibe vuto. Koma masiku ano ndikangoseka ndi mayi amene ndikumuluka tsitsi, iwo amatsokomola pakhomo. Ndiye ndimaluka chete.

Mundiperekere moni kwa mayi aja mwakhala nawo nyumba imodzi zaka zonsezi. Sindinakufunsenipo za iwo, ndipo lero sindikufunsa. Mungondiyankha basi.

Ndine,
Mwana wa achimwene anu