Manambala a Achimwene

Lachitatu, 12 Malichi

Kompyuta ya achimwene yaiwala zonse. Ndayatsa m'mawa, ikuti lero ndi 1 Januwale, chaka chomwe ndinali ndisanakwatiwe n'komwe. A Mawaya, okonza mafoni khomo loyandikana ndi situdiyo yathu, akuti ndi kabatire ka m'kati, kaja konga batani la jekete. Kanatha. Milungu isanu ndi iwiri makina ali chizimire, chigwere achimwene ndi sitiroko. Asintha kabatireko. Tsiku labwerera. Liwiro ayi.

Mavidiyo 180 a anamwino omaliza maphunziro, aliyense kake. Kudula ndadula ndekha, mayina ndaika ndekha, zimenezo ndimatha. Chatsala n'chakuti makina atulutse. Kamodzi kakutenga mphindi 40. Nthawi ya achimwene zinali 28. Ndawerengetsa kuseri kwa envelopu kawiri, ngakhale iziyenda osapuma sizikwana. Lolemba 8 koloko mayi a ku ofesi ya koleji akubwera kudzatenga. Zaka zisanu ndi chimodzi ntchito imeneyi ili ya achimwene. Itayike m'manja mwanga ine? Ndiye ndikawauze chiyani?

Kuwauza, ngati amamva. Mbali ya kumanja yonse yakufa. Pakamwa “aaa” ndi “mmm” basi.

A Mawaya akuti, “Akuluwa anachita kuithamangitsa imeneyi, mu BIOS.” Ati ndi tsamba lija limabwera ukadina Del makina akungoyaka. Manambala amene achimwene anaikamo apita ndi kabatire. Ndasanthula madilowa onse. Zingwe, makadi a kamera, mswachi wakale. Pepala la manambala palibe. Munthu wotani wosalemba zinthu!

Lachinayi, 13 Malichi

Ndalowamo. Mayo ine. Mizere, mizere, mizere, Chingerezi chake chosati cha kusukulu. CPU Ratio: 34. Eya, 34 chiyani? Mazira?

Poganiza kuti ndiye liwiro, ndaika 40, n'kudina F10 yosungira, yayaka bwinobwino. Ndinavina pampando. 44, yayaka, n'kufa pakati pa kavidiyo, sikirini yonse buluu. A Mawaya anasuzumira ali ndi foni ya munthu m'manja. “Ikagwa ndiye kuti njala imeneyo, mayi. Ipatseni moto.” Moto wake ndi voteji, mzere wa m'munsi. 1.30. Yagwa. 1.35. Yaima, koma fani ikulira ngati chigayo.

Pa foni ndaonera anthu awiri ophunzitsa zimenezi. Wina akuti osapitirira 1.35, upsereza. Wina akuti 1.40 palibe kanthu. Onse ndevu, onse otsimikiza. Mutu wanga waima.

Masana alamu abwera nawo achimwene pa njinga yawo ya olumala, m'galimoto ya aneba. Nzeru za alamu zimenezo. “Mwina akaona akumbuka.” Ine sindinafune, nthawi ikutha, koma ungakane bwanji mkazi wa mwini situdiyo?

Tinawakankhira patebulo. Anayang'ana sikirini nthawi yaitali, diso limodzi lotseguka kuposa linzake. Kenako dzanja lamanzere pa kiyibodi. 44 anaibweza pa 43. N'kutsikira pa voteji, n'kuyamba kudina kochotsera. 1.30. 1.28. 1.25. Ine ndati achimwene, mukulakwitsa, n'kokweza uku. Iwo dii, dii, mpaka 1.22. Ntchito yanga ya m'mawa wonse!

Ndinalanda kiyibodi. Ndati, “Alamu, musawavutitse. Mutu sunabwerere uwu, akungodina.” Alamu anawapukuta dovu pachibwano, n'kutembenuza njinga. Achimwene maso kukhoma mpaka pakhomo.

Nanga ndinalakwa? Adokotala omwe anati nthawi zina azisokoneza zinthu. Makina akugwa ndi njala, munthu n'kumachepetsanso chakudya. Zomveka zimenezo?

Ndaika 45 ndi 1.38, ndatseka situdiyo.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndapeza ili zii. Chipinda chonse fungo la fumbi lopserera. Inatulutsa 14 n'kuzima yokha, atatu mwa amenewo nkhope za anamwino zili mizere yobiriwira. Abwino onse pamodzi chiyambire Lachitatu: 50. Atsala 130.

Ndayatsanso, ndikuyang'ana kutentha. 92, 96, 99. Ikafika pamenepo liwiro likutsika lokha, kavidiyo kakutenga mphindi 44. Kuposa pomwe ndinali ndisanagwire kanthu! Ndiye kuti ukaipatsa moto wambiri imayenda pang'onopang'ono? Ukaichepetsera imagwa. Koma abale, chinthu ichi chikufuna chiyani kwenikweni?

A Mawaya lero asintha nyimbo. “Ine zanga ndi mafoni, mayi.” Asa! Dzulo anali pulofesa.

Mayi a ku koleji aimba 11 koloko. “Zonse zili bwino eti? Abambo aja sankatichedwetsa.” Ndati zili bwino kwambiri. Thukuta kamukamu, chala chili pa Del.

Ndinachotsa chitseko cha m'mbali mwa kompyuta, n'kuloza fani ya patebulo m'kati. 97. Ndinapemphera. 97 yomweyo.

Lachisanu lomweli, 3 koloko

Sindikudziwa kuti ndilembe bwanji.

Nzeru zitandithera ndinati kaya, chingaipenso n'chiyani. Ndaika 43. Voteji 1.22, ija ya dzulo ya achimwene. Ndinaikumbuka chifukwa cha mkwiyo. F10. Ndinakhala manja pamutu kudikira buluu.

Buluu sanabwere. Kutentha 71. Fani phee, moti ndikumva wailesi ya a Mawaya kuseri kwa khoma. Kavidiyo koyamba kabwino, kachiwiri kabwino, nkhope zoyera.

Zangochitika mwangozi? Munthu wodina mwachisawawa angaime pa 1.22 ndendende? Bwanji sanaime pa 1.25, kapena kupitirira mpaka pansi? Mwina dzanja linangotopa pamenepo. Mwina. Ndakhala ndikudziuza zimenezi ola lathunthu.

Koma ndi mphindi 31, osati 28. Envelopu ikuti ndiperewera ndi ola ndi kanthu. Anamwino atatu opanda vidiyo. Pali china chimene achimwene anasintha, ndipo mizere ili m'menemu ndi yoposa zana. Ndayang'ana umodzi umodzi mpaka maso kuwawa. Sindigwiranso.

Wodziwa ndi mmodzi. Ndinamulanda kiyibodi.

Loweruka, 15 Malichi

Kwa alamu 8 koloko. Ndinawapeza akuchapa zofunda. Ndafotokoza, mawu akuzungulirazungulira. Anandisiya ndimalize, manja ali m'beseni. “Si paja munati mutu sunabwerere?” Basi. Ndikanakonda akanandilalatira.

Achimwene anali pawindo. Ndagwada pambali pa njinga ngati kale ndikathyola chinthu chawo. Ndati achimwene, manambala anu aja agwira. Chatsala china, sindikuchidziwa. Sanandiyang'ane. Ndati Lolemba ndi mkuja, ntchito yanu ithawa. Kenako “mmm” wautali, dzanja lamanzere n'kumenya tayala kawiri. Alamu akuti kumeneko ndiye kuti tiyeni.

Ku situdiyo ndinadikira kavidiyo kathe, n'kuzimitsa, Del, n'kuwaikira kiyibodi pamiyendo. Manja anga ndinawapinda kumbuyo, zenizeni.

Sanapite n'komwe kumene ndakhala ndikulimbana masiku atatu. Tsamba lina, mzere wa RAM, memore ya makina, umene ndinkaudumpha tsiku lililonse chifukwa anthu andevu aja sanautchule. Anasintha kamodzi kokha. Chala chinaphonya kawiri, anabwerera, anakonza. Palibe anawathandiza.

Ndimati atha. Ayi. Analowa pena pomwe makina amasunga manambala onse pansi pa dzina, kuti asadzatayikenso. Kulipo kotero! Kabokosi kanatseguka kofuna dzina. Achimwene anayamba kusaka zilembo ndi chala chimodzi. U. Kupuma. S. A. Mphindi ngati zitatu, ife tili kumbuyo kwawo.

USAGWIRE.

Alamu anaseka chikhakhali mpaka kugwira tebulo, kuseka kuja n'kusanduka kulira. Mawu oyamba a amuna awo m'milungu isanu ndi iwiri, ndipo ndi okalipira ine. Ine ndinangoyang'ana kiyibodi. Cholembera tinawapatsa achimwene kuchipatala, chinkagwa, tinati basi sangathe. Kiyibodi palibe anaiganizira. Munthu wokhala pa kiyibodi zaka makumi awiri!

F10. Kavidiyo koyamba: mphindi 28. Atsala 91. Envelopu ikuti Lolemba mbandakucha zatha. Tipulumuka.

Ndiyenera kusangalala. Kaya.

Lamulungu, 16 Malichi

Makina akuyenda okha, 70, 71, 70. Ndimangobwera kudzasuzumira n'kutuluka. Sindinagwire.

Dzulo madzulo alamu anabwereka laputopu yakale kwa aneba. Akuti achimwene lero chidzukire ali pomwepo. Alemba kuti pilo ndi wolimba. Alemba kuti mankhwala a masana amawachititsa nseru, milungu yonseyi. Alemba dzina la alamu lija la paubwenzi, alamu akana kundiuza.

Ndakhala ndikuwerenga m'mutu zonse zimene ndinalankhula pambali pa bedi la achimwene chigwere. Ndi alamu, ndi adokotala, ndi amalume pa foni. Zogulitsa makamera. Zoti munthuyu watsala thupi lokha. Ndinkatsitsa mawu? Sindikukumbuka. Ndikuganiza kuti ayi.

4 koloko alamu aimba. “Bwerani, pali zanu.” Mawu awo osamveka ngati n'zabwino kapena ayi.

Ndinapeza laputopu aitembenuzira kukhomo, kuti ndiione ndikangolowa. Zilembo zikuluzikulu, mzere umodzi.

NDINKAMVA ZONSE.

Achimwene akundiyang'ana, maso onse awiri. Anakokera laputopu kwa iwo, chala chija chayambanso kusaka. Ndathawira kuno kukhitchini ndi bukuli, ndikumva dii, kupuma, dii. Alamu akuti ndibwere ndikhale pansi, sanamalize.